Kwa inu mwangofika kuno ku UK, makamaka a ntchito za care

Abale anga, choyamba siyani kuwerengera mapaundi m'makwacha. Mukamva £12.21 pa ola, yomwe inakhazikitsidwa ngati minimum wage mu April 2025, mtima umati basi tafika, koma dikirani kaye lendi, council tax, gasi ndi magetsi, thiransipoti yopitira ku shifiti zidye mbali yake muone chotsala.

Ndipo sikuti tikuvutika ndife obwera tokha ayi. Mayi wina mzungu amene ndimagwira naye usiku, wobadwira konkuno, mwezi ukafika pakati amakatenga zakudya ku food bank chonsecho akugwira full time. Mu October 2022 mitengo inali itakwera ndi 11.1 peresenti m'chaka chimodzi, anthu kumagona ndi majekete kuopa kuyatsa heating, chaka chomwecho Shell inapanga phindu la pafupifupi madola 40 biliyoni. Ndalama zilipo dziko lino, kungoti sizitsikira kwa amene akusambitsa agogo ndi kuwasintha mapadi. Ma care home ambiri akuluakulu eni ake ndi anthu a bizinesi basi, kumbukirani kampani ya ma care home ya Southern Cross inagwa mu 2011, inali itagulitsa nyumba zake n'kumazichitanso lendi mpaka lendi inawakanika, nkhalamba zoposa 30,000 zili m'katimo. Zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Ndiye inu gulani kabuku, muzilemba ola lililonse lomwe mwalowa ndi kutuluka, kenako muzifananiza ndi payslip, musamangoona kuti ndalama yalowa mu akaunti. A home care mvetsani bwino apa, nthawi yomwe mukuyenda kuchoka kwa kasitomala wina kupita kwa wina imawerengedwa ngati ntchito, ndipo akadula ya yunifomu malipiro asatsike pansi pa minimum wage, ndi lamulo limenelo. Mabwana ena amadziwa kuti viza yanu ili m'manja mwawo ndiye amaopseza kuti ukalankhula ubwerera kwanu, inu musanjenjemere, sungani mameseji onse ndipo lowani union ngati Unison mavuto asanayambe. Mabungwe opereka uphungu a Citizens Advice ndi Acas amathandiza ulere.

Galimoto ya finance ndi zogula pangongole pa Klarna zidikire kaye chonde, maola atha kuchepetsedwa sabata iliyonse koma ngongole siichepa. A kumudzi auzeni chilungamo za ndalama yomwe mungathe kutumiza pamwezi, yomweyo basi, ina muziika padera yokwana lendi ya miyezi iwiri chifukwa sponsor, bwana amene viza yanu ili m'manja mwake, akalandidwa laisensi, Home Office, unduna woona za maviza, imakupatsani masiku 60 okha kuti mupeze wina.