Kodi dalaivala woledzera uja anali m'chikonzero cha Mulungu?

Mayi wina wa ku Lizulu wandilembera imelo, dzina sinditchula. Mchimwene wawo anamwalira pangozi ya minibasi mumsewu wa M1, dalaivala anali atamwa, koma pamaliro aliyense woyankhula ankangoti tsiku lake linakwana, ndi kufuna kwa Mulungu. Nde akufunsa kuti ngati Mulungu anakonzeratu zonse, dalaivala uja walakwa chani, nanga iwo akwiyire ndani?

Achemwali pepani kwambiri. Imelo yanuyi yandikhudza pachilonda chifukwa mawu amenewo ndinawamvapo pakhomo pathu penipeni.

Ndili mnyamata, nthawi imene ndinkalowa kalasi pa CCAP kwathu chaku Linthipe, mlongo wanga wamkulu anali woyembekezera. Matenda anayamba usiku alamu ali kumowa, ndalama imene mlongo wanga anasunga ya thiransipoti anali atatenga iwowo, anatumidwa ana kukawaitana iwo nkuyankha kuti abwera akamaliza. Mmene anthu amasonkherana ya galimoto nkuti kukucha, pofika kuchipatala mwana anali atapita kale ndipo mlongo wangayo anangopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mtayo mukudziwa mmene umakhalira, amayi okhaokha anakataya mwakachetechete, opanda nyimbo opanda kulira mokweza. Masana ake alamu anakhala pakhonde nkumauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti nanga titani, Mulungu wapereka Mulungu watenga. Anthu nkumavomera kuti zoonadi bambo. Ine mtima unawira, ndipo kutchalitchi ndinasiya kupita kwa kanthawi ndithu, ndinkati ngati Mulungu wake ndi wobisa anthu ngati awa ine ayi.

Amene anandibweza ndi mkulu wa mpingo wina wokalamba, mlimi wa kachewere, sukulu sanapite nayo patali. Anandipeza kudimba natsegula Buku Lopatulika pa Genesis 50:20, paja Yosefe akuuza abale ake kuti inu munandipangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino. Kenako anandifunsa kuti mwana wanga, akuyankhula apayu ndani? Ndi Yosefe, woponyedwa m'dzenje uja, wogulitsidwa uja. Si Yuda amene anabweretsa nzeru yomugulitsa. Ndipo Yosefeyo asanatchule za Mulungu wayamba kaye wanena poyera kuti chimene munachita chinali choipa. Petro naye pa Machitidwe 2:23 akuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu ndi kudziwiratu kwa Mulungu, koma vesi lomwelo akuloza anthu chala kuti munamupha ndinu. Zonse ziwiri zili pamodzi ndipo china sichikufufuta chinzake.

Nde ndinene mosapsatira. Munthu wolakwa alibe chilolezo chotchula chikonzero cha Mulungu pa zimene wachita ndi manja ake. Mawu amenewo ndi a wovulazidwa, akafika powanena yekha pa nthawi yake, mwina patapita zaka ngati Yosefe. Ndipo ife oyankhula pamaliro timathamangira mawu amenewa chifukwa cha mantha, tikuopa kuti tikatchula mowa, liwiro, matayala akutha, kupakira anthu pamwamba pa matumba a kabichi, pabuka mkangano pasiwa. Kenako timati ndi chikhulupiriro. Si chikhulupiriro chimenecho, ndi kubisa tchimo.

Ena andiuza kuti iwe wa CCAP si inu nomwe mumaphunzitsa kuti zonse zinalembedwa? Mkangano wa ulamuliro wa Mulungu ndi ufulu wa munthu ndi wakale kwambiri pakati pa ophunzitsa za chikhristu, Augustine anatsutsana ndi Pelagius, Luther anayankha Erasmus mu 1525, otsatira a Arminius analemba madandaulo awo mu 1610 mpaka panakhala msonkhano wa mipingo ku Dort m'dziko la Holland mu 1618 ndi 1619, ndipo chiphunzitso cha ku Dort chinafika kuno ndi amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ku Mvera mu 1889. Achinyamata amakanganabe mpaka lero pa WhatsApp, wina Aroma 9 wina Yohane 3:16, mpaka bandulo kutha. Koma olo a ku Dort omwewo analemba kuti chisomo sichigwira munthu ngati ndi chipika kapena mwala. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563 pa funso 27 amati mvula ndi chilala, thanzi ndi matenda sizibwera mwangozi koma kuchokera m'dzanja la Atate, ine ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Pitani pa funso 105 m'buku lomwelo, pa lamulo loti usaphe, mupeza kuti ngakhale kudziika dala pachiopsezo ndi kuswa lamulo. Nanga woika anthu odzaza minibasi pachiopsezo? Anthu amene analemba za ulamuliro wa Mulungu mwamphamvu chonchi sanamasule dalaivala wanuyo ayi. Mmene ziwirizi zimalumikizirana Baibulo silifotokoza mpaka pansi, Deuteronomo 29:29 amati zinsinsi nza Yehova, zovumbulutsidwa ndi zathu. Chovumbulutsidwa nchakuti Mulungu sayesa munthu ndi choipa, Yakobo 1:13, botolo lija anatsegula yekha dalaivala.

Nde mutani achemwali

Kukwiyira zimene anachita dalaivala si kulimbana ndi Mulungu. Ngati nkhani ili kupolisi ilondoleni, ngati mukudziwa amene anamuona akumwa alimbikitseni akaperekere umboni. Kukhululuka kudzabwera, musakakamizidwe sabata ino, komanso kukhululuka sikutanthauza kutseka mlandu. Mkwiyo umene muli nawo pa Mulungu muuzeni mwini wakeyo, tengani Salimo 13 kapena 88 mupemphere mawu ake mmene alili. Ndipo abusa anu kapena amayi a Chigwirizano akabwera kudzakuonani, auzeni kuti mawu a pamaliro aja anakupwetekani, afunika amve.