Mbendera za NASCAR: yachikasu ndiye mwini nkhani

Kalata yomwe ndalandira pa imelo ikuchokera kwa mmodzi wa inu amene wangoyamba kumene kuonera mpikisano wa magalimoto wa ku America wa NASCAR pa YouTube. Akufunsa kuti: "Galimoto inali patsogolo patali, munthu wa pansanja uja n'kukupiza mbendera yachikasu, magalimoto onse n'kuunjikana kumbuyo kwake. Si kubera kumeneku? Nanga mbendera zinazo zimatanthauza chiyani?"

Achimwene, mwagunda pamene pali nkhani. Tiyambe ndi zosavuta. Yobiriwira ndiyo yoyambitsa mpikisano, kapena kuuyambitsanso ukaima. Yoyera imati kwatsala kuzungulira bwalo kamodzi kokha. Yamabokosi akuda ndi oyera, ngati bolodi la drafuti, ndiyo yomaliza. Kuyambira 2017 palinso ina yamabokosi obiriwira ndi oyera yotseka chigawo, chifukwa masiku ano mpikisano amaudula m'zigawo ndipo magalimoto 10 oyamba pachigawo amapeza mapointi.

Tsono yachikasu. Imatuluka pakachitika ngozi, pakatayika oilo, pakagwa chitsulo mumsewu kapena mvula ikayamba kuwaza. Aliyense amachepetsa liwiro, kupitirirana kumaletsedwa, ndipo onse amandanda kumbuyo kwa galimoto yotsogolera yomwe amaitcha pace car. Mtunda wonse umene wotsogola anavutikira umathera pomwepo. Malo ake oyamba sakulandidwa ayi, koma mdani amene anali kutali tsopano ali pamsana pake.

N'zopweteka, koma si kubera. Pa mabwalo ngati Daytona ndi Talladega magalimoto pafupifupi 40 amathamanga mogundana mapewa pa liwiro la makilomita 300 pa ola, ndiye simungatume anthu kukatola zitsulo pakati pawo. Ndipotu nzeru za mpikisano zagona pomwepa: yachikasu ikatuluka, mkulu wa timu ayenera kusankha msanga. Tilowe kumalo okonzera tisinthe matayala onse 4? Tisinthe 2 okha kuti tituluke mwachangu? Kapena tisalowe n'komwe, tiyambe tili patsogolo ndi matayala otha? Mipikisano yambiri imapambanidwa ndi chisankho chimenechi.

Kale zinali zoopsa kuposa pano. Yachikasu ikatuluka, madalaivala ankaloledwa kuthamangitsana mpaka pamzere woyambira. Mu Seputembala 2003 ku New Hampshire, galimoto ya Dale Jarrett inawonongeka n'kuima pakati pa msewu, anzake akubwera ndi liwiro lonse kulimbirana mzere. Akuluakulu a NASCAR anathetsa mchitidwewo nthawi yomweyo, ndipo lero malo a aliyense amawerengedwa pa mphindi imene chenjezo laperekedwa. Apa m'pamenenso panabadwira lamulo loti yachikasu ikatuluka, galimoto yoyamba mwa zomwe zasiyidwa ndi raundi yathunthu ibwezeredwe raundi imodzi. Oulutsa amati lucky dog.

Lamulo latsopanolo linabala mkangano wake. Mu Epulo 2004 ku Talladega, Jeff Gordon ndi Dale Earnhardt Jr. anali kulimbana kumapeto pamene yachikasu inatuluka. Oweruza anati Gordon ndiye anali patsogolo, mpikisano n'kutha magalimoto akuyenda pang'onopang'ono. Ochemerera a Earnhardt, omwe ku Talladega ndi khamu, anagenda zitini za mowa mumsewu. Chaka chomwecho NASCAR inakhazikitsa nthawi yowonjezera: chenjezo likabwera kumapeto, amawonjezera maraundi awiri, yobiriwira, yoyera, kenako yomaliza. Koma gwiritsitsani ichi: wotsogola akangolandira yoyera, mbendera iliyonse yotsatira imatseka mpikisano, ngakhale itakhala yachikasu. Ineyo nthawi yowonjezerayi sindiikonda kwenikweni, chifukwa imathera m'magalimoto ophwanyika kawirikawiri, koma mabwalo amadzaza ndi anthu ofuna kuona mapeto othamanga.

Yofiira imaimitsa zonse. Magalimoto amaima pamene auzidwa, ndipo lamulo lodziwika ndi loti usakonze kanthu. Sterling Marlin analiphunzira mowawa pa Daytona 500 ya 2002: akutsogola, anatuluka m'galimoto nthawi ya yofiira n'kukakoka chitsulo chomwe chinkakhula tayala, anthu onse akuona pa TV. Anamubweza kumbuyo kwa mzere, Ward Burton n'kupambana. Mu 2012 pa mpikisano womwewo, Juan Pablo Montoya anawomba galimoto youmitsa msewu, mafuta n'kuyaka, ndipo yofiira inakhala maola awiri.

Yakuda ndi ya munthu mmodzi: waphwanya lamulo kapena galimoto yako ikutaya utsi ndi zitsulo, pita kumalo okonzera. Akaumitsa mutu amamuonetsa yakuda yokhala ndi mtanda woyera, kutanthauza kuti asiya kuwerenga maraundi ake. Angozungulira kuwotcha mafuta.

Ngati munazolowera Formula 1, samalani ndi ziwiri. Yoyera kumeneko imachenjeza za galimoto yoyenda pang'onopang'ono kutsogolo, osati raundi yomaliza. Ndipo yabuluu, yomwe ku NASCAR ili ndi mzere wachikasu wopingasa, ku Formula 1 ndi lamulo loti upatuke, pomwe kuno ndi pempho chabe kwa wotsalira kuti otsogola akubwera. Akhoza kukana, makamaka ngati akumenyera kuti asasiyidwe ndi raundi yathunthu, ngakhale amene wamutsekerayo adzakumbukira Lamlungu likudzalo.

Komanso musaganize kuti dalaivala maso ake amakhala pansanja. Pabwalo lonse pali magetsi achikasu, ndipo aliyense ali ndi munthu wake pamwamba pa malo oonerera amene amamuuza pa wailesi za ngozi mbendera isanakwezedwe n'komwe.