Mabuku a m'matauni aang'ono a kumwera kwa dziko la United States: muyambe ndi liti?

Mayi wina wandilembera imelo kuti watopa ndi mabuku okhalira kuwomberana. Akufuna nkhani yofewetsa mtima ya m'matauni aang'ono a kumwera kwa dziko la United States, ndipo akufunsa loyambira.

Amayi, mabuku amenewa amakoma chifukwa cha malo amodzi amene tauni yonse imakumanapo, pomwe aliyense amadziwa za mnzake. Mu Fried Green Tomatoes at the Whistle Stop Cafe, limene Fannie Flagg anatulutsa mu 1987, malowo ndi kalesitilanti ka m'mbali mwa njanji ku Alabama, ka Idgie ndi Ruth. Nkhani yake imadumphadumpha. Tsamba lino muli m'zaka za m'ma 1930, lotsatira muli m'ma 1980 ku nyumba yosungirako okalamba, gogo Ninny akusimbira Evelyn zakale. Ambiri amasokonezeka chifukwa amalumpha deti ndi dzina la malo zolembedwa pamwamba pa mutu uliwonse. Musazilumphe.

At Home in Mitford la Jan Karon, la mu 1994, limayenda pang'onopang'ono. Bambo Tim, wansembe wa mpingo wa Episcopal ku North Carolina, ali ndi zaka 60 ndipo sanakwatirepo. Kwawo kukufika chigalu chimene chimadekha chikangomva mavesi a m'Baibulo, kenaka mnyamata wosowa womulera, dzina lake Dooley. Nkhaniyi inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya m'tauni ya Blowing Rock ku North Carolina komweko, n'chifukwa chake ili m'tizigawo tating'ono toyenera kuwerenga madzulo musanagone.

Cold Sassy Tree la Olive Ann Burns, la mu 1984, likutitengera ku Georgia mu 1906. Agogo aamuna akukwatiranso patangotha masabata atatu chimwalirire mkazi wawo, tauni yonse n'kudzaza miseche. Amene anakhalapo pa siwa kwathu kuno amva msanga chifukwa chake banja lonse likuchita manyazi.

Koma pali chimene sindingachibise. Matauni okomawa anali pansi pa malamulo atsankho mpaka 1964. Munthu wakuda ankaphika kukhitchini koma osaloledwa kukhala patebulo la kutsogolo. Flagg sanazembe zimenezi: Sipsey ndi Big George, omwe ndi akuda, ndi amene amaphika, anthu akuda amagula chakudya pakhomo la kuseri, ndipo a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, amabwera kudzaopseza. Buku la nthawi imeneyo longoonetsa zitumbuwa, makonde ndi nyimbo za kutchalitchi, osatchulako amene akutsuka mbale, likukunamizani. Ndiye muwerengekonso A Lesson Before Dying la Ernest Gaines, la mu 1993, la ku Louisiana. Ndi lolemera, koma umodzi wa anthu ake ndi weniweni kuposa wa mabuku ambiri osekeretsa.

Chingerezi chake

Olembawa amalemba mawu monga momwe anthu akumeneko amatchulira, makamaka Burns, moti mu dikishonale simuwapeza. Werengani mokweza, khutu lidzazindikira zimene diso lakana.

Ngati mtima wanu uli ndi bala, yambani ndi la Karon. La Flagg libwere pambuyo, poti muli nkhanza za m'banja ndi kuphedwa kwa munthu. La Burns muli munthu wodzipha, choncho lidikire kaye.