Pooda katundu ku Guangzhou, jambulani chidole mpaka matumbo

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake katundu wa ku Guangzhou, mzinda wa ku China, amafika wosiyana ndi amene munthu anaoda, chonsecho wogulitsa anavomera zonse. Kawirikawiri sikuti wakuberani, koma simunamvane.

Olankhula Chikantoni ku Guangzhou ndi ku Hong Kong amati "waak gung zai m sai waak ceot coeng", kutanthauza kuti pojambula chidole sipafunika kujambula ndi matumbo omwe. Amamuuza munthu amene akutambasula nkhani yomwe aliyense wamva kale, kapena amene akulankhula mosabisa zoyenera kungozilambalala. Pocheza, umenewo ndi ulemu. Koma pa oda, matumbowo ajambuleni onse. Musavutike kuloweza mawuwo, poti ogulitsa ambiri m'misika ya ku Guangzhou ya Baima, Shahe ndi Sanyuanli ndi ochokera m'zigawo zina ndipo amalankhula Chimandarini.

Yambani ndi mtengo. Nambala imene wogulitsa walemba pa kakyuleta, funsani ngati ndi yuan kapena madola, komanso ngati ndi ya chinthu chimodzi kapena ya dazeni. Pa zovala musadalire M, L ndi XL, chifukwa saizi zawo zimachepa kwa makasitomala athu. Lembani masentimita a chifuwa, chiuno ndi kutalika, ndi kuchuluka kwa saizi iliyonse m'katoni. Mukapanda kutero amathiramo zimene zinawatsalira, mudzapeza timasaizi tating'ono tokhatokha. Mtundu musautchule pakamwa: sankhani sampulo, nonse musainirepo, muijambule n'kutumizira wogulitsayo pa WeChat, apu yotumizirana mauthenga ku China. Za magetsi nenani kuti pulagi ikhale ya mano atatu amakonamakona ngati ya ku Britain, apo ayi sizilowa m'masoketi a kwathu.

Zonsezi zilembedwe pa invoisi, m'Chitchaina momwe, pamodzi ndi tsiku lokatula katundu kwa a kago. Pa katundu wochita kupangitsa, ambiri amalandira 30 peresenti poyamba, 70 yotsalayo katundu akapangidwa.

Musanamalize kulipira, tsegulani makatoni angapo osankha nokha, muwerenge, muyeze. Yezaninso katoniyo, poti pa sitima amalipiritsa pa CBM (kiyubiki mita, muyezo wa malo amene katundu watenga): ya masentimita 60, 40 ndi 50 ndi 0.12 CBM, ndiye 10 zikwana 1.2. Cholakwika chikonzedwe pomwepo, chifukwa kontena ikanyamuka kulowera ku Beira kapena Dar es Salaam, kubweza katundu kumadula kuposa katunduyo, ndipo a MRA adzafunabe msonkho wake.