Mawu a pa kompyuta akamabwera n'kupita: yankho kwa wojambula makwaya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amajambula nyimbo za makwaya m'kachipinda kake ku Lilongwe. Wandilola kumuyankha poyera chifukwa vuto lakeli lasowetsa mtendere anthu ambiri. Kompyuta yake ndi ya desktop, ili ndi Windows 10, ndipo mkati anaikamo sound card (khadi lolandira ndi kutulutsa mawu) yogula payokha, yolowa pa slot (mpata wolowetsamo makhadi) ya PCI Express. Kwa miyezi iwiri tsopano mawu akumadukaduka. Tsiku lina amajambula kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda chovuta. Tsiku lina pakangotha mphindi ngati 40, mawu amayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga, kenako zii. Akaiyatsanso kompyutayo, zonse zimabwerera m'chimake. Ma driver, timapulogalamu toyendetsa khadilo, wawachotsa n'kuwaikanso katatu. Anapita nayo kwa wokonza, ndipo kumeneko inaimba tsiku lonse osatsokomola n'komwe. Funso lake ndi lakuti: "Kodi khadili lafa, ndigule lina?"

Achimwene, musagule kaye. Mwina khadilo lafadi, koma pakali pano palibe chimene chikutsimikizira zimenezo, ndipo zimandipweteka kuona munthu akutaya ndalama pa chipangizo chatsopano kenako vuto lomwe lija n'kumupezanso. Wokonza uja musamukwiyire, sanakunamizeni. Zili ngati mwana amene watentha thupi usiku wonse, koma mutafika naye pakhomo la chipatala wayamba kusewera. Ntchito yanu yoyamba si kukonza ayi. Ndi kupeza chimene chimadzutsa vutolo, mpaka muzitha kuliitana nthawi imene mwafuna inuyo. Mukafika pamenepo, kukonzako kumakhala kwa mphindi zochepa.

Tengani kope ndi cholembera muziike pambali pa kompyutayo. Mawu akaduka, lembani nthawi, kuti makinawo akhala akuyaka kwa utali wotani, kunja kukutentha kapena ayi, magetsi ndi a masiku onse kapena a jenereta, ndiponso ngati wina anagunda tebulo kapena kukoka waya. Ndipo chachikulu kuposa zonse: musathamangire kuiyatsanso. Mukaiyatsanso mwafufuta mapazi a wakuba. Idakali chete chomwecho, tsegulani Device Manager, mndandanda wa mu Windows wa zipangizo zonse za m'kompyuta, muyang'ane pansi pa Sound, video and game controllers.

Mudzaona chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo chilichonse chikuloza njira yakeyake. Ngati dzina la khadi lanu lasowa pa mndandandawo, ndiye kuti motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yasiya kulankhulana nalo, ndipo tikayikire slot, kutentha kapena mphamvu ya magetsi. Ngati dzinalo lilipo koma pambali pake pali kachizindikiro kachikasu, dinani pamenepo muwerenge nambala yake. Code 10 ikutanthauza kuti chipangizocho chalephera kuyamba, pamene Code 43 ikutanthauza kuti Windows yachiimitsa itauzidwa kuti chili ndi vuto. Apa mlandu ungakhale wa driver, ungakhalenso wa khadi lenilenilo. Koma ngati dzinalo lili bwinobwino, nyimbo ikuyenda, ndipo kamzere kobiriwira kosonyeza mphamvu ya mawu kakudumphadumpha koma m'masipika mulibe kanthu, ndiye kuti ubongo wa khadilo uli moyo. Mawu akutayika pa ulendo wake wotuluka: pa jack (bowo lolowetsamo pulagi ya masipika), mu waya, kapena m'masipika momwemo. Kuikanso ma driver kachinayi pa vuto la mtundu umenewu n'kuthira madzi m'dengu.

Kuti mulekanitse vuto la mapulogalamu ndi la zitsulo, ikani Ubuntu, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa flash disk, muyatsire kompyutayo pamenepo osaiika pa hard disk, ndiye muimbe nyimbo kwa maola awiri. Mawu akadukanso patatha mphindi 40 zija, Windows ndi ma driver ake atuluka m'mlandu. Makhadi ena sadziwika bwino pa Linux, choncho yambani mwaona ngati mawu akutuluka n'komwe. Mu Windows momwemo muli zinthu ziwiri zoyenera kuziona. Mu Power Options, pansi pa PCI Express, muli Link State Power Management, imene imagoneka njira ya khadilo pofuna kusunga magetsi. Makhadi ena akagona sadzukanso bwino, choncho iikeni pa Off. Ndipo kuthetheka kwa mawu nthawi zina kumachokera ku driver ya chipangizo china, monga ya Wi-Fi, imene ikuchedwetsa processor. Pulogalamu ya LatencyMon imaonetsa dzina la driver yochedwetsayo. Mundiuzenso ngati mumadina Restart kapena Shut down, chifukwa mu Windows 10 muli Fast Startup, imene imachititsa kuti Shut down isunge mbali ina ya zimene zinali m'kati, pamene Restart imayambitsa zonse mwatsopano.

Tsopano ku zogwira ndi manja. Yambani kunja, kotsika mtengo. Chotsani masipika ndi mixer, mulowetse mahedifoni wamba pa jack yobiriwira ya kumbuyo kwa khadilo. Nyimbo ikuimba, gwedezani pulagiyo pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, m'mwamba, m'munsi. Mukamva khwe-khwe, kapena khutu limodzi likafa n'kudzukanso, mwagwira wakuba. Bwerezani ndi mahedifoni ena kuti mudziwe ngati chovuta ndi wayayo kapena bowo lenilenilo.

Chaka china anandibweretsera kompyuta ya pa tchalitchi china imene inkaduka mawu Lamulungu lokhalokha. Ndinakhala nayo masiku atatu ikuimba bwinobwino. Nditapita kukaona mmene amaiikira, ndinapeza kuti waya wopita ku mixer ndi wolemera, ndipo amaupachika kumbuyo n'kuusiya ukulendewera, kulemera kwake konse kuli pa jack. Nditachotsa khadilo n'kulitembenuza, ndinaunika ndi tochi ya foni pansi pa jack yobiriwirayo. Pa mwendo umodzi, mtovu wowotcherera unali utang'aluka kuzungulira, kamng'alu kochepa ngati tsitsi, kamdima, kooneka pokhapokha utapendeketsa khadilo ku kuwala. Ndikakankha jack ndi chala, kamwendoko kankasuntha m'kati mwa mtovuwo. Ndinawotchereranso miyendo yonse ya jack, n'kumangirira wayawo ku mwendo wa tebulo kuti usamakoke. Vuto la miyezi yambiri linathera pomwepo. Aliyense wokonza mawailesi kapena mafoni amene ali ndi dzanja lokhazikika angachite ntchito imeneyi.

Ngati mumagwiritsa ntchito mabowo a kutsogolo kwa kompyuta, asiyeni kaye mpaka kufufuzaku kuthe. Waya wake ndi wopyapyala, ndipo amadutsa pafupi ndi mafani ndi nthambo za magetsi. M'mabokosi ena akale wayayo ali ndi mitu iwiri, wina wolembedwa AC'97, dongosolo la Intel la mu 1997, wina HD AUDIO, limene linalowa m'malo mwake mu 2004. Mukalowetsa mutu wolakwika, kompyuta imasokonezeka pozindikira ngati mwalowetsa mahedifoni kapena ayi, ndipo imatha kumasamutsa mawu yokha.

Koma mphindi 40 zanuzo ndi zimene zikundikhala m'mutu. Vuto lodikira kuti makina ayambe ayaka kwa kanthawi nthawi zambiri limayenda ndi kutentha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndipo kamng'alu kamene kanali kogwirana m'mawa kamatseguka masana. Chipinda chojambuliramo chimakhala chotseka mawindo, chokutidwa ndi masiponji, anthu khumi akupumiramo, ndipo mu Okutobala muno mukudziwa nokha mmene mumakhalira. Yesani izi: tsegulani chivundikiro cha m'mbali, mulozetse fani ya pa tebulo m'katimo, mugwire ntchito monga mwa masiku onse. Mukatha masiku atatu kapena anayi mawu osaduka, mwapeza chodzutsa vutolo. Kuti mutsimikize, tembenuzani mayesowo. M'mawa makina akadali ozizira, puzirani khadilo mpweya wofunda ndi choumitsira tsitsi, pa mphamvu yochepa, mutachitalikitsa ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, kwa mphindi imodzi yokha. Mawu akayamba kuthetheka pomwepo, vutolo mwaliitana nokha. Onaninso ngati khadilo lagundana ndi graphics card, chifukwa iyo imatulutsa kutentha kochuluka, ndipo muchotse fumbi limene launjikana pa mafani ngati bulangete.

Muli m'katimo, yang'anani ma capacitor, timigolo tija toimirira pa khadi ndi pa motherboard. Pamwamba pake payenera kukhala pathyathyathya. Kakatupa ngati chitini cha nsomba chowonongeka, kapena kakatulutsa zofiirira zouma, katha ntchito. Makompyuta ambiri opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 anavutika kwambiri ndi ma capacitor otere, koma ngakhale a m'zaka za pambuyo pake amakalamba msanga akamakhala motentha. Osaoneka kutupa sikuti ndi abwino onse, ena amauma m'kati mwakachetechete.

Ndibwerere kwa wokonza uja, chifukwa ulendo umenewo ukutiuza kanthu. Kumeneko kompyuta inalumikizidwa ku magetsi ena, masipika ena, mawaya ena, m'chipinda chopita mphepo, mwinanso chivundikiro chili chotsegula. Komanso inagwedezeka panjira, ndipo kugwedezekako kumatha kukhazika khadi limene linali litasuntha pang'ono. Choncho likhazikeninso nokha mwadala. Zimitsani, zulani pulagi ku khoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze khadi. Lichotseni mutaligwira m'mphepete. Mano ake agolide aja apukuteni ndi kansalu koyera konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Sipiliti wa pepo wa m'magolosale uja musamugwiritse ntchito, amasiya utoto, ndipo sandipepala asayandikire n'komwe chifukwa golideyo ndi wopyapyala kwambiri. Likauma, lilowetseni mpaka likhale pansi mofanana mbali zonse. Pomanga sikuluwu ya kumbuyo, yang'anitsitsani: ngati bokosi linapindika, sikuluwuyo imakoka mbali imodzi n'kutukula mbali inayo kuchoka mu slot. Ndaziona kangapo zimenezi. Ngati pali slot ina, lisamutsireni kumeneko. Khadi laling'ono la x1 limagwira ntchito ngakhale mu slot yaitali ya x16.

Chonde, chitani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kudikira masiku angapo. Mukapukuta, kusamutsa, kusintha waya ndi kuika fani tsiku limodzi, vuto likatha simudzadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Za magetsi ndinene mwachidule. Power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, ikatopa imapereka mphamvu yosakhazikika, makamaka ikatentha. Mwa dongosolo la ATX, limene ma power supply a desktop amatsatira, mzere wa 12V uyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, ndipo wa 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25. Wodziwa kugwiritsa ntchito multimeter, chipangizo choyezera magetsi, angayeze pa pulagi ya Molex yochokera ku power supply, waya wachikasu ndi 12V, wofiira ndi 5V, wakuda ndi ground, ndipo ayeze makina akugwira ntchito. Bokosi la power supply lokhalo musalitsegule, limasunga mphamvu yoopsa ngakhale mutazula ku khoma. Ngati chimene mukumva ndi kung'ung'udza kwa pansipansi kosalekeza, limenelo ndi liwu la magetsi athu a 50 Hz, ndipo kawirikawiri limabwera chifukwa cha vuto la earth, waya wolumikiza zipangizo ku nthaka. Onani ngati phini lachitatu la pulagi ndi lolumikizidwa, ndipo kompyuta, mixer ndi masipika zidyere pa extension imodzi.

Zonsezi zikalephera, patsala mayeso awiri omaliza. Chotsani khadilo, mulowe mu BIOS (zosankha zimene mumazipeza kompyuta ikangoyaka, Windows isanayambe) mutsegule mawu a pa motherboard, amene pa makompyuta ambiri amachokera ku kachipangizo ka Realtek, mugwire nawo ntchito sabata yathunthu. Khadi lanulo mukaliike m'kompyuta ya mnzanu sabata yomweyo. Vuto likatsatira khadilo kwa mnzanuyo, ndiye lafadi kapena likufunika kuwotcherera. Likatsala kwanu, khadilo ndi losalakwa, ndipo tiyang'ane motherboard kapena power supply.

Mukadzafika pogula, kwa ntchito yanu ya makwaya ine sindingakulangizeni khadi lina la m'kati. Audio interface ya USB, kabokosi kogwira ntchito ya sound card, monga Focusrite Scarlett kapena za Behringer UMC, imakhala kunja kwa bokosi, kutali ndi kutentha ndi phokoso la m'katimo, ndipo ili ndi mabowo a XLR ndi mphamvu ya 48V imene maikolofoni a condenser amafuna. Koma ngati gwero la vuto lanu ndi earth kapena power supply, nayonso ingathe kuvutika chimodzimodzi.

Maganizo anga, poona zimene mwalemba, ali pa kutentha pamodzi ndi khadi losakhala bwino mu slot. Yambani ndi kope lija ndi fani ya pa tebulo. Mawu akadukanso, jambulani Device Manager ndi foni musanakhudze china chilichonse, munditumizire chithunzicho pamodzi ndi dzina lenileni la khadilo ndi la motherboard yanu.