Chipinda cha sayansi chisafanane ndi kalasi

Mtsikana wina wa Fomu 3 wa ku Area 25 wandilembera pa imelo. Akuti iye ndi anzake anayi apatsidwa kachipinda kutchalitchi koti ana a Sitandade 3 mpaka 5 azichitiramo za sayansi akaweruka. Funso lake n'lakuti, poti ndalama n'zochepa, ayambe kugula bolodi kapena mabenchi?

Mwanawe, zonse ziwirizo zisiyeni kaye. Anawo amakhala atapanikizana m'kalasi kuyambira m'mawa, kukopera za pabolodi. Mukawapatsanso bolodi masana, tsiku lachitatu mudzapeza chipinda chili gwa, onse ali kumpira wachikulunga.

Yalani mikeka, pakati pakhale poyera. Zipangizo ziikeni pamene mwana wa zaka 8 angafikire yekha osapempha. Ndipo musanakhome msomali uliwonse, itanani ana asanu muwafunse chimene chimawadabwitsa. Inu mwatuluka ku pulayimale dzana lomweli, sadzachita nanu manyazi ngati mmene angachitire ndi ife a imvi.

Zipangizo zambiri zili kale kukhitchini kwa amayi anu. Viikani chidede chofiira m'madzi otentha, musefe, muthire m'mabotolo atatu. Loyamba mufinyiremo ndimu: kufiira kumawala. Lachiwiri muthiremo soda wophikira therere, kapena chidulo, muone madzi akuderako n'kuyamba kubiriwira. Lachitatu lisiyeni choncho loyerekezera. Amenewo ndi ma acid (zowawasa ngati ndimu) ndi ma base (ngati soda ndi chidulo) omwe amakuzunzani mu Chemistry aja, koma mawuwo musawatchule msanga. Ana athire okha bwemba, malambe, sopo, azikangana za mtundu umene utuluke. Kukanganako n'kumene mukufuna, ngakhale a tchalitchi adandaule phokoso.

Nyemba m'botolo lodula zimamera pasanathe sabata. Galimoto ya mawaya nayo ili ndi phunziro lonse la mateyala.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, ndi zidutswa za njinga komanso buku la mulaibulale. Choncho ngati katsala kandalama, gulani bokosi lokhoma losungiramo mabuku ochepa, mabatire ndi timababu.

Za moto ndi mpeni zigwiridwe ndi inu akuluakulu nokha, ndipo pasalowe cholawa. Muziwerukanso 4:30 isanapitirire, chifukwa mu June kunja kumada msanga ndipo ena amachokera kutali.