Dengu la malemu pa sikelo: yankho kwa mphunzitsi wa ku Luchenza

Mphunzitsi wina wa sekondale ku Luchenza wanditumizira imelo pamodzi ndi nkhani yake yaifupi ya mawu pafupifupi 2,000. Nkhaniyo ndi ya mayi wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, amene wamwalira koma dengu lake likupezekabe pa sikelo tsiku lililonse, lodzaza ndi masamba. Antchito akuthawa akukuwa, kapitawo akuitana sing'anga, sing'anga akuulula kuti mkazi mnzake ndiye anamulodza, denguyo n'kusiya kubwera. Anzake a m'gulu la alembi agawikana: ena akuti ndi nthano, ena akuti ndi nkhani wamba ya ufiti. Funso lake n'lakuti, magical realism n'chiyani kwenikweni, ndipo akonze pati kuti nkhaniyo ifike pamenepo?

Aphunzitsi, denguyo musalitaye, ndi chinthu chabwino kwambiri m'nkhani yonseyi. Chofunika kuchotsa ndi kukuwa, sing'anga ndi mkazi mnzakeyo.

M'kalembedwe kameneka mumakumana zinthu zitatu. Dziko la m'nkhani limakhala lenileni, lokhala ndi mitengo ya zinthu, ngongole, boma ndi masiku a pa kalendala. M'dziko limenelo mumachitika chinthu chosatheka, ndipo chimachitikadi, si maloto kapena misala ya munthu. Ndiye wofotokoza nkhani sadabwa nacho, sachifotokozeranso chifukwa chake. Amachinena ndi mawu omwe aja amene amanenera za mvula kapena za malipiro. Nthano ilibe choyambacho, chifukwa mukangoti "padangokhala" anthu n'kuyankha "tili tonse", aliyense wadziwa kuti tachoka pa dziko la misonkho ndipo Kalulu akhoza kulankhula. Nkhani ya ufiti ilibe chachitatucho: imayendera mantha ndi funso loti wachita ndani, ndipo wochitayo akapezeka nkhani yatha. Yanuyi mwaiyamba ngati magical realism, koma kuyambira ndime yachinayi yasanduka ya ufiti.

Dzinali linayambira ku Germany mu 1925, pamene Franz Roh ankalemba za zojambula, osati za mabuku. Linadzakhazikika pa mabuku ku Latin America. Alejo Carpentier wa ku Cuba, atacheza ku Haiti mu 1943, anatulutsa mu 1949 buku la The Kingdom of This World, ndipo m'mawu ake oyamba ananena kuti chodabwitsa chimafuna chikhulupiriro cha anthu amene chikuwachitikira. Juan Rulfo wa ku Mexico anatsatira mu 1955 ndi Pedro Páramo, nkhani ya mudzi umene anthu ake olankhulawo ndi akufa. Koma buku limene linafalitsa kalembedweka pa dziko lonse ndi One Hundred Years of Solitude la Gabriel García Márquez wa ku Colombia, lotuluka mu 1967, ndipo mu 1982 iye analandira mphoto ya Nobel. Pambuyo pa bukuli panabwera Salman Rushdie ndi Midnight's Children mu 1981, Toni Morrison ndi Beloved mu 1987, Ben Okri wa ku Nigeria ndi The Famished Road mu 1991, komanso Mia Couto wa ku Mozambique, kungooloka malire a Muloza apa, ndi Terra Sonâmbula mu 1992.

Pa mabuku onsewa, chimene chikukukhudzani kwambiri ndi gawo limodzi la buku la García Márquez, chifukwa nalonso ndi la munda wa kampani. Mu December 1928 asilikali a Colombia anawombera antchito a m'minda ya nthochi ya United Fruit Company amene ankanyanyala ntchito ku Ciénaga. Izi ndi mbiri yeniyeni. M'bukumo mitembo ikunyamulidwa pa sitima usiku, boma likulengeza kuti palibe wafa, ndipo anthu a m'tauni akuvomereza zomwezo, kupatula munthu mmodzi amene anapulumuka. Kenako mvula ikugwa zaka zinayi, miyezi khumi ndi umodzi ndi masiku awiri. Mvula yotero kulibe, koma m'bukumo ikugwira ntchito: kampani inalonjeza kusayina mgwirizano mvula ikakata, ndipo pofika nthawi imene ikukata, minda yakokoloka, kampani yapita. Chosathekacho chanyamula chinthu chimene lipoti wamba silikanatha kunyamula, ndicho kufafanizika kwa mlandu wonse m'maganizo a anthu. Morrison anachita chimodzimodzi: anatenga nkhani yeniyeni ya Margaret Garner, kapolo wothawa amene anapha mwana wake mu 1856 kuti asabwezedwe ku ukapolo, n'kubweretsa mwanayo m'nyumba ngati munthu wodya, wogona, wofuna zake.

Ndiye dzifunseni: dengu lanulo lanyamula chiyani? Mmene mwalembera panopa lanyamula nsanje ya mitala, imene ingachitike pamudzi uliwonse popanda tiyi. Koma mayi wakufa amene akukwaniritsabe ntchito yake pa esiteti ya ku Thyolo wanyamula mbiri yolemera kuposa pamenepo. Kuno kunali thangata, anthu kulima minda ya azungu ngati lendi ya malo amene anakhalapo. Kuno anthu ambiri alibe malo okwanira, pamene tiyi watenga mapiri athunthu. Kuno ntchito imachuluka nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April, n'kuchepa chilimwe. Munthu amene ngakhale imfa siinamumasule ku sikelo akunena zonsezo popanda inu kulalikira.

Pali vuto limodzi limene mlembi wa ku London alibe koma inu muli nalo. Owerenga anu ambiri ali kale ndi dzina la wakufa wogwira ntchito: ndondocha. Akangoona dengu likudzaza lokha, mutu wawo wathamangira kwa munthu wokhwima amene akulemera ndi thukuta la malemu, ndipo akudikira kuti mumutchule. N'chifukwa chake anzanu anati ndi ya ufiti. Khomo limenelo mulitseke msanga. Pasakhale wopindula mobisa. M'malo mwake denguyo livutitse ofesi. Mukhoza kulola munthu mmodzi pa mzere wa ku sikelo kutchula za ndondocha, wina n'kumuyankha ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, monga kuti ndalamazo zikulembedwa m'dzina la malemu yemweyo ndipo palibe akuzitenga. Pa chifukwa chomwechi, ndege ya lichero ndi fisi wokwerapo sizithandiza m'kalembedwe aka. Kwa wowerenga wa kuno zimenezo ali nazo kale mayankho, ndiye sizimusiya ndi funso lililonse.

Tsopano pa ziganizo. Inu mwalemba kuti: "Mwadzidzidzi anthu onse anadzidzimuka kuona dengu la malemu lili pa sikelo, ndipo anathawa akukuwa." Yesani motere: "Lachitatu dengu la malemu linalemera makilogalamu 41, ndipo kalaliki anachotsapo awiri chifukwa masamba anali onyowa." Chosathekacho chalowa pakati pa chiganizo chimene chikukamba za kuchotsera kwa masamba onyowa, ndipo mkangano umene ungabuke pa mzerepo ndi wa makilo awiriwo. Wodabwa akhale wowerenga, anthu a m'nkhani ali ndi ntchito. García Márquez ananena pofunsidwa mafunso kuti anatengera mawu a agogo ake aakazi, amene ankafotokoza zosatheka nkhope ili gwa, osasintha. Ananenanso kuti ukauza anthu kuti njovu zikuuluka sakhulupirira, koma ukati njovu 425 zikuuluka, mwina akhulupirira. Nambala yeniyeni, tsiku lenileni ndi dzina la chipangizo ndi zimene zimagwira chosathekacho kuti chisauluke.

Pitani m'nkhani yonse ndi cholembera chofiira, mufufute mawu awa paliponse pamene akhudza denguyo: "mwadzidzidzi", "modabwitsa", "zoopsa", "ngati kutulo", "zinkaoneka ngati". Makamaka "akuti". Mawu amenewa m'Chichewa amachotsa wolankhula pa mlandu, kusonyeza kuti wangomva. Wofotokoza nkhani yanu akati "akuti dengu linabwera", wauza wowerenga kuti iye mwini sakukhulupirira, ndipo zonse zagwa. Anthu a m'nkhani akhoza kunena "akuti" pa mphekesera zina, koma pa denguyo wofotokoza anene monga mboni. Samalaninso ndi nthawi ya mneni. "Dengu linabwera" ndi chochitika cha kamodzi, chimaitana mantha. "Dengu linkabwera" ndi chizolowezi, chalowa kale m'moyo wa anthu. Gwiritsani yoyambayo kamodzi, kenako mukhazikike pa yachiwiriyo.

Kafotokozedwe kosadabwa kameneka simukuchita kukabwereka kunja ayi. Mverani mmene anthu a m'munsi mwa phiri la Mulanje amakambira za chakudya chimene munthu amachipeza chokonzedwa kale m'njira ya ku Sapitwa. Sakuwa. Amakupatsa malamulo: udye wekha, usaitane mnzako. Za Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula amanena chimodzimodzi, ngati akukulozera njira. Steve Chimombo anazindikira mphamvu imeneyi pamene anatenga Napolo, dzina limene anthu anatchula madzi ndi miyala zimene zinagumuka ku Zomba mu 1946, n'kulisandutsa maziko a ndakatulo zake, ndipo dzina lomwelo linamvekanso ku Phalombe mu 1991.

Za muyezo: m'nkhani ya mawu 2,000 chosatheka chikhale chimodzi basi. Mukaonjezera mtengo wolankhula ndi njoka ya mitu iwiri, wowerenga amaganiza kuti m'dziko limeneli chilichonse n'chotheka, ndipo denguyo limatha mphamvu. Chilowe m'mawu 200 oyamba, chifukwa chikachedwa chimaoneka ngati chinyengo. Chibwerenso katatu kapena kanayi, ndipo ulendo uliwonse chisinthe kanthu m'moyo wa munthu wamoyo. Zotsalazo, magawo asanu ndi anayi mwa khumi, zikhale moyo wamba wolondola kotheratu. Apa ndi pamene nkhani yanu yafooka kwambiri, chifukwa esiteti yanu ilibe fungo. Pezani munthu amene anathyolapo tiyi, mumufunse: amayamba nthawi yanji, amayeza kangati pa tsiku, pulasitiki wovala m'chiuno amatha miyezi ingati, kapitawo amabweza masamba otani, thirakitala imabwera liti kudzatenga matumba kupita ku fakitale, chiperoni akagwa zala zimamva bwanji pothyola masamba awiri ndi nsonga. Wowerenga wa ku Bvumbwe kapena ku Limbuli akapeza cholakwika chimodzi pa zimenezi, sadzakukhulupirirani pa denguyo.

Nkhaniyo iyende pa zotsatira. Dzina la malemu linafufutidwa m'buku la malipiro, ndiye kalaliki alemba kuti makilowo? Tiyi wake akukwera nawo galimoto kupita ku okushoni ku Limbe, ndiye ndalama yake ndi ya yani? Ana ake akuyenera kutuluka m'nyumba ya kampani chifukwa wantchito wafa, koma ntchito yake ikuoneka tsiku lililonse. Woyang'anira nyumba achita bwanji? Mwana wamkulu akufuna mayi ake apumule, wamng'ono akufuna denguyo lipitirire chifukwa ndi limene likuwasunga pansi pa denga. Mkangano wa ana awiriwo ndiwo mtima wa nkhani, ndipo sufuna sing'anga.

Ngati mukufuna kusiya mpata wa kukayika, onani mmene Carpentier anachitira m'buku lake lija pa kuotchedwa kwa Mackandal, mtsogoleri wa akapolo a ku Haiti amene anaphedwa mu 1758. Akapolo akumuona akuuluka n'kugwera pakati pawo, pamene wofotokoza akunena m'chiganizo chimodzi kuti ochepa okha anaona asilikali akumubwezera m'moto. Zonse ziwiri zaikidwa pa tsamba, ndipo palibe chimene chachotsedwa. Chimene simuyenera kuchita ndi kuti mwana adzuke n'kupeza kuti amalota, kapena zidziwike kuti mnzake wa malemu ndiye amadzaza denguyo usiku. Pamenepo mwabweza zonse zimene munalonjeza.

Mkazi mnzakeyo ndikupempha mumuchotse pa chifukwa chinanso. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu. Nkhalamba zikupitirira kumenyedwa ndi kuphedwa poganiziridwa ufiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti. Nkhani imene sing'anga akuloza mayi n'kupezeka kuti walondola ikuphunzitsa ana a sukulu amene adzaiwerenge kuti kuloza kumagwira ntchito. Ine sindingakonde kuti luso lanu lipite kumeneko.

Pomaliza nkhaniyo musathetse denguyo. Thetsani funso la anthu amoyo: ana atsala m'nyumbamo kapena atuluka, kalaliki walemba kapena wakana. Mukamaliza kukonza, iwerengeni mokweza kwa munthu wa pa esiteti, osamuuza kuti ndi kalembedwe kanji. Akakufunsani kuti analodza ndani, khomo la ndondocha likadali lotsegula ndipo mubwerere ku ndime zitatu zoyamba. Akayamba kutsutsana nanu za makilo awiri a masamba onyowa aja, itumizeni kwa akonzi.